Mizere Yochepa, Uthenga Womveka: Mafunso ndi Mayankho pa Luso Lophweketsa Zithunzi

Tsegulani foni yanu muone tizithunzi timene tili pamenepo: ka envulopu, ka kamera, ka belu, ka bini yotayamo zinyalala. Tulukani panja muone chikwangwani cha pamsewu chochenjeza kuti kutsogolo kuli ng'ombe, kapena kuti ana a sukulu amawolokera pamenepo. Palibe n'chimodzi chomwe mwa zithunzi zimenezi chofanana ndendende ndi chinthu chenicheni. Envulopu ija ilibe sitampa, ng'ombe ija ilibe maso, ana aja alibe nkhope. Komabe mumazizindikira musanaphethire n'komwe. Kuseri kwa kachithunzi kalikonse kuli munthu amene anakhala pansi n'kusankha mzere woti utsale ndi mzere woti uchoke. Mafunso otsatirawa ndi amene amavutitsa ophunzira graphic design, olemba zikwangwani komanso eni mabizinesi amene akufuna logo.

Kodi kuphweketsa chithunzi n'kutani kwenikweni?

Ndiko kutenga chinthu chimene timachiona tsiku ndi tsiku, kaya ndi ketulo, mpando, njinga kapena kiyi, n'kuchijambula ndi mizere komanso mitundu yochepa kwambiri, koma woona n'kuchizindikirabe mosakayika.

Ntchitoyi imafanana ndi kupeta. Cholinga cha wopeta n'chakuti gaga achoke, mphale itsale. Akapeta mwaphuma mpaka mphale kumagwera pansi, sitingamuyamikire kuti wapeta bwino chifukwa choti lichero lapepuka. Wojambula nayenso samayamikiridwa chifukwa cha kuchepa kwa mizere, koma chifukwa choti mizere yotsalayo ndi yoyenera.

Taganizirani za ketulo ya kunyumba kwanu. Ili ndi mwaye kunsi, dzimbiri pachivundikiro, mwinanso dzina la kampani m'mbali. Zonsezi zilipodi, koma sizimene zimachititsa munthu kunena kuti iyi ndi ketulo. Zomwe zimatero ndi zinayi basi: thupi, mlomo, chogwirira ndi chivundikiro. Mukachotsa mwaye, idakali ketulo. Mukachotsa mlomo, yasanduka poto.

Bwanji osangojambula chinthucho ndi kamera? Si ndiye chingaoneke bwino koposa?

Pali zifukwa zinayi. Choyamba ndi nthawi. Galimoto yoyenda pa liwiro la makilomita 80 pa ola imadutsa mamita oposa 22 pa sekondi iliyonse. Dalaivala alibe mpata woti asirire ubweya wa ng'ombe. Akufunika kudziwa msangamsanga kuti ndi ng'ombe, aponde buleki.

Chachiwiri ndi kukula kwa malo. Chithunzi cha kamera mukachichepetsa kufika pa msinkhu wa chikhadabo, chimasanduka matope. Chophweka chimaonekabe bwino pachidindo, pakabatani ka foni ngakhale pakhoma lalikulu.

Chachitatu n'chakuti kamera imajambula chinthu chimodzi, pomwe chithunzi chophweka chimaimira zinthu zonse za mtundu umenewo. Mukapachika chithunzi cha mayi weniweni pachitseko cha chimbudzi, anthu ayamba kufunsana kuti mayiwa ndi ndani. Kachithunzi kopanda nkhope kamangonena kuti muno ndi mwa amayi.

Chachinayi ndi ndalama. Bungwe loteteza zachilengedwe la WWF litakhazikitsidwa mu 1961, linasankha nyama yotchedwa panda kukhala chizindikiro chake. Panda wina dzina lake Chi Chi anali wotchuka ku London Zoo nthawi imeneyo. Gerald Watterson anamujambula, kenaka Peter Scott anakonza logo kuchokera pa zojambulazo. China chimene chinawakopa n'chakuti nyamayi ndi yakuda ndi yoyera basi, choncho kusindikiza sikunafune inki yamitundumitundu. Aliyense amene anasindikizapo matisheti kapena mapositala akudziwa kuti mtundu uliwonse wowonjezera umabwera ndi mtengo wake.

Luso limeneli linayamba liti?

Kuphweketsa maonekedwe a zinthu n'kwakale ngati kujambula kumene. M'mapiri a Chongoni ku Dedza, malo amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, muli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala: zozungulira, mizere, ndi maonekedwe a nyama opakidwa ndi dothi loyera, opanda tinthu tambirimbiri. Ku Ghana, pa zizindikiro za adinkra zimene a mtundu wa Akan amadinda pansalu, pali china chotchedwa duafe, chomwe ndi chipeso chamtengo chojambulidwa ndi mizere yowerengeka.

Koma monga ntchito yokhala ndi malamulo ake olembedwa, lusoli linakhwimira ku Vienna m'dziko la Austria. Mu 1925, katswiri wa zachuma ndi chikhalidwe cha anthu, Otto Neurath, anatsegula nyumba yoonetseramo zinthu imene cholinga chake chinali kuthandiza anthu wamba kumvetsa ziwerengero za nyumba, umoyo ndi ntchito. Iye anaona kuti munthu wotopa ndi ntchito ya m'fakitale sangawerenge matebulo a manambala, koma akhoza kumvetsa mzere wa tianthu tojambulidwa. Lamulo lake lalikulu linali lakuti kachithunzi kamodzi kaziimira chiwerengero chokhazikika. Ngati anthu achuluka, muwonjezere tizithunzi, musakulitse kamodzi, chifukwa diso limatha kuwerenga tianthu tisanu koma silingathe kuyeza kuti chimunthu ichi chaposa chinzake kangati.

Wojambula wa ku Germany, Gerd Arntz, ndiye anapatsa maganizowa maonekedwe. Pa moyo wake anapanga tizithunzi pafupifupi 4,000: wantchito, sitima, nyumba, fakitale, ng'ombe, galimoto. Ankatisema pa linoleum, ndipo mpeni wosemera sulola tinthu ting'onoting'ono, kotero chida chenichenicho chinkamukakamiza kusankha. Marie Reidemeister, amene pambuyo pake anadzakhala Marie Neurath, ndiye ankatenga manambala a akatswiri n'kuganiza mmene angasanjidwire kuti amveke. Zinthu zitavuta pa ndale mu 1934, gululi linathawira ku The Hague, ndipo njira yawoyo inadzatchedwa Isotype.

Nanga zinafika bwanji m'misewu ndi m'mabwalo a ndege?

Zinafika chifukwa cha maulendo. Pa masewera a Olympic a ku Tokyo mu 1964, dziko la Japan linkayembekezera alendo ambirimbiri osadziwa kuwerenga zilembo za Chijapani. Gulu lotsogozedwa ndi Masaru Katsumi linakonza tizithunzi toimira masewera osiyanasiyana komanso malo monga chimbudzi ndi pa telefoni. Mu 1972, pa masewera a ku Munich, Otl Aicher anapititsa ntchitoyi patsogolo pojambula osewera onse pa dongosolo limodzi la mizere yoimirira, yogona ndi yopendekera pa madigiri 45.

Ku America, unduna wa zamtengatenga unapempha bungwe la akatswiri ojambula la AIGA kuti liunike zizindikiro zimene zinkagwiritsidwa ntchito m'maiko osiyanasiyana. Roger Cook ndi Don Shanosky anajambula zizindikiro 34 zimene zinatuluka mu 1974, ndipo mu 1979 zinawonjezedwa 16 kukwana 50. Sutikesi, kapu ya khofi, mpeni ndi foloko, bambo ndi mayi a pachitseko cha chimbudzi: zambiri zimene mumaziona pabwalo la ndege zinachokera kumeneko. Zinafalikira msanga chifukwa aliyense ankaloledwa kuzigwiritsa ntchito ulere.

Ku Britain, Jock Kinneir ndi Margaret Calvert anakonza zikwangwani za pamsewu zimene zinayamba kugwira ntchito mu 1965. Calvert, yemwe anabadwira ku South Africa, anajambula ng'ombe ya pachikwangwani potengera ng'ombe yeniyeni yotchedwa Patience imene ankaidziwa pafamu ya achibale ake. Apa pali phunziro: chithunzi chimene chikuimira ng'ombe zonse chinachokera kwa munthu amene anaiyang'anitsitsa ng'ombe imodzi.

Wojambula amadziwa bwanji choti achotse ndi choti asiye?

Apa ndiye pagona luso lonse, ndipo yankho limayamba ndi maso, dzanja lili pambuyo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu sangaphweketse chinthu chimene sanachimvetse.

Pakati pa Disembala 1945 ndi Januwale 1946, Pablo Picasso anajambula nkhunzi maulendo 11 pamwala wosindikizira ku Paris. Zithunzi zoyambirira ndi za chinyama cholemera, cha minofu ndi ziboda. Chodabwitsa n'chakuti sanayambe n'kuchotsa. Anayamba wainenepetsa nkhunziyo, kenaka anaigawa m'zigawo ngati akufufuza kuti kulemera kwake kwakhazikika pati. Atamvetsa zimenezo m'pamene anayamba kufufuta. Pomaliza panatsala mzere wa msana, miyendo yonga timitengo, kamutu kakang'onong'ono, nyanga, mchira ndi chizindikiro choti ndi yamphongo. Mutu, umene ambiri tikadaganiza kuti ndiwo wofunika, unatsala pang'ono kutheratu. Nyanga ndizo sizikanachoka.

Pali mafunso atatu othandiza. Loyamba: kodi chinthuchi chingasokonezedwe ndi chiyani? Rob Janoff, pokonza logo ya kampani ya Apple mu 1977, anajambula chipatso cha apulo cholumidwa mbali imodzi kuti anthu asachiyese tcheri kapena kachipatso kena kakang'ono. Kulumako kumasonyeza kukula kwa chipatsocho. Chimodzimodzi mtondo: mukaujambula wokha, wina aziti ndi ng'oma, wina aziti ndi kapu. Ikanimo musi, mkangano watha.

Lachiwiri: kodi chinthuchi chimadziwika bwino chikaonedwa kuchokera mbali iti? Njinga imadziwika mukaiona cham'mbali, pomwe kutsogolo kwake ndi kamzere chabe. Sizasi imadziwika ikakhala yotsegula. Lichero mukaliona kuchokera pamwamba ndi chozungulira basi, chosasiyana ndi mbale, pokhapokha mutasiyapo timizere tingapo tosonyeza kulukidwa kwake. Khasu ndi nkhwangwa zonse ndi chitsulo pampini, choncho muyenera kupeza mbali imene ikuonetsa kutambalala kwa khasu.

Lachitatu: kodi woona akufunika kudziwa chiyani? Ngati uthenga ndi wakuti pano timagulitsa njinga, magudumu awiri, felemu, handulo ndi chishalo zakwana. Ngati uthenga ndi wakuti pano ndi pokwerera kabaza, khushoni ya pakeliyala singachoke, chifukwa ndiyo ikusiyanitsa njinga ya kabaza ndi njinga wamba. Masipoko ndi tcheni zikhoza kuchoka konsekonse.

Ndikufuna kuyesa. Ndiyambire pati?

Tengani chinthu chenicheni muchiike patsogolo panu. Musayambe ndi zithunzi za pa intaneti, chifukwa kumeneko mukapeza zosankha za anthu ena, zopangidwa kale. Tiyerekeze kuti mwatenga mbaula.

Poyamba ijambuleni yonse mmene ilili, mosathamanga: mabowo a pamene pamakhala makala, tizitsulo tokhazikapo poto, kakhomo kochotsera phulusa, zogwirira. Chithunzi chimenechi si choonetsa anthu. Ntchito yake n'kukuphunzitsani mbaulayo.

Kenaka onani mthunzi wake. Iwalitseni ndi tochi usiku kuti mthunzi ugwere pakhoma, kapena pakani chojambula chanu chonse ndi inki yakuda. Ngati mthunzi wokhawo ukudziwika, muli pabwino. Ngati sukudziwika, tembenuzani mbaulayo mpaka mutapeza mbali yolankhula.

Mukatero fufuzani maonekedwe osavuta amene abisala m'chinthucho: chozungulira, sikweya, chamakona atatu. Zinthu zambiri za m'nyumba zimamangidwa ndi maonekedwe awiri kapena atatu otere.

Tsopano yambani kuchotsa. Ikani pepala lopyapyala pamwamba pa chojambula choyamba, mutsatire mizere koma musiye chinthu chimodzi. Ikaninso pepala lina, musiye china. Mapepala onsewo muwasunge. Pitirizani mpaka mufike pa chithunzi chimene simungachitchulenso kuti mbaula. Mukafika pamenepo bwererani pa pepala la m'mbuyo mwake: nthawi zambiri yankho lili pamenepo. Mwina mupeza kuti timalawi tiwiri kapena poto pamwamba zikuthandiza kuposa mabowo makumi awiri.

Kodi pali malamulo a mizere ndi mitundu?

Alipo, makamaka ngati mukujambula tizithunzi tambiri toti tiyendere limodzi. Mizere yonse ikhale yonenepa mofanana. Ngati makona a kachithunzi kamodzi ndi obulungira, ena onse akhalenso obulungira. Ngati ketulo mwaijambula cham'mbali, kapu musaijambule kuchokera pamwamba. Tizithunzi tikasiyana pa zimenezi, woona amamva kuti china chake chalakwika ngakhale sangathe kuchiloza.

Malire amathandiza kuposa ufulu. Susan Kare, amene anajambula tizithunzi ta kompyuta ya Macintosh yomwe inatuluka mu 1984, anali ndi timadontho 32 m'litali ndi 32 m'lifupi, tonse pamodzi 1,024, ndipo kalikonse kanayenera kukhala kakuda kapena koyera. Anayambira m'kope la timabokosi, longa lija la masamu, n'kumadetsa bokosi limodzilimodzi. M'malire amenewo munatuluka bini ya zinyalala, wotchi ya pamkono youza munthu kuti adikire, ndi chitini chothira penti. Shigetaka Kurita wa ku Japan anali ndi malo ochepa kuposa pamenepo: ma emoji 176 amene anakonzera kampani ya NTT DoCoMo mu 1999 anali a timadontho 12 m'litali ndi 12 m'lifupi. Ambulera, galimoto, mtima, zonse zinakwana mmenemo.

Pa mitundu, yambani ndi wakuda ndi woyera. Chithunzi chimene chikudalira mtundu kuti chidziwike chidzafa tsiku limene wina adzachipange fotokope. Chikagwira ntchito chili chakuda, mukhoza kuwonjezera mtundu umodzi kapena iwiri.

Musaiwale malo opanda kanthu. Logo ya WWF itakonzedwanso mu 1986, mzere wa pamsana ndi pamutu pa panda unachotsedwa. Panatsala zigamba zakuda zokha: makutu, maso, mphuno ndi miyendo. Msana palibe amene anaujambula, koma aliyense amauona, chifukwa ubongo umamaliza wokha chimene wojambula wasiya. Ndiponso diso lili ndi zofooka zake. Chozungulira ndi sikweya zikakhala zotalika mofanana ndendende, chozunguliracho chimaoneka chaching'ono, choncho akatswiri amachikulitsa pang'ono. Rula ikatsutsana ndi diso, mverani diso.

Kodi n'zotheka kuchotsa mopitirira muyezo?

Kwabasi, ndipo ndi msampha waukulu wa ongoyamba kumene. Chitsanzo chodziwika ndi chizindikiro cha njinga ya anthu olumala, chija choyera pa buluu. Wophunzira wa ku Denmark, Susanne Koefoed, anachijambula mu 1968 chilibe mutu. Chinali chaukhondo ndithu, koma chinkaoneka ngati mpando wopanda munthu. Karl Montan, amene ankatsogolera komiti yoona za chizindikirochi, anawonjezera kachozungulira pamwamba. Kadontho kamodzi kameneko kanasintha uthenga kuchoka pa chipangizo kupita pa munthu.

Ngakhale akatswiri amakumana nazo. Chikwangwani cha Calvert chochenjeza kuti pamsewu pali ntchito chimaonetsa munthu akulowetsa fosholo mu mulu wa dothi, koma anthu a ku Britain akhala akuseka kwa zaka zambiri kuti munthuyo akulimbana ndi ambulera yokana kutseguka. Chinthu chikaphweka kwambiri chimayamba kufanana ndi zinthu zina zambiri.

Vuto linanso n'lakuti kuchotsa kukhoza kupha umunthu wa chithunzi. Ma logo ambiri masiku ano afanana chifukwa aliyense akuchotsa zinthu zofanana. Ngati nsomba yanu ikhoza kukhala nsomba iliyonse pomwe inu mumagulitsa chambo, mwachotsa chinthu chimene kasitomala amabwerera. Siyani chipsepse chachitali cha pamsana ndi thupi lotambalala, kuti asachiyese usipa.

Ndimamva kuti zithunzi zotere ndi chinenero cha dziko lonse. N'zoona?

Pang'ono chabe. Chithunzi chophweka chimamveka kwa munthu amene amachidziwa chinthucho, kapena amene anaphunzitsidwa tanthauzo lake. Mpeni ndi foloko zimatanthauza malo odyera kwa amene anazolowera kudya nazo. Kachithunzi kosungira ntchito pa kompyuta ndi ka floppy disk, chipangizo chimene achinyamata ambiri sanachigwirepo. Amakadziwa chifukwa anachita kuphunzira, monga mmene timaphunzirira chilembo. Kachithunzi koimbira foni nakonso ndi chogwirira cha telefoni ya m'nyumba yachikale.

Nthawi zina kusamvana kotere kumaika moyo pachiswe. Chigaza ndi mafupa awiri opingasa ndi chizindikiro chakale cha poizoni. Koma mumzinda wa Pittsburgh ku America, madokotala anada nkhawa kuti ana ankachigwirizanitsa ndi nthano za akuba a panyanja komanso timu yawo ya baseball yotchedwa Pirates, motero sichinkawaopsa. Mu 1971, Dr. Richard Moriarty wa pachipatala cha ana mumzindawo anayambitsa chizindikiro china chotchedwa Mr. Yuk: nkhope yobiriwira, yokwinya, itatulutsa lilime ngati yalawa chowawa.

Marie Neurath anazindikira zimenezi pamene ankagwira ntchito ndi boma la chigawo chakumadzulo kwa Nigeria m'zaka za m'ma 1950, kukonza timabuku tofotokozera anthu za maphunziro, umoyo ndi kuvota. Tianthu ta ku Vienna sitinatengedwe mmene tinalili. Tinajambulidwanso titavala zovala za kumeneko, kuti owerenga adzione okha. Wojambula wa ku Lilongwe, Chipata kapena Tete amene akukonza positala ya kumudzi ali ndi funso lomwelo: pa uthenga wa madzi abwino, kodi anthu ake azindikira msanga mpopi wa m'bafa, kapena mjigo ndi ndowa?

Kupatula ma logo ndi mafoni, lusoli limagwiranso ntchito kuti?

Limagwira ntchito ngakhale posankha atsogoleri. Pa chisankho choyamba cha dziko la India litalandira ufulu, chomwe chinachitika mu 1951 ndi 1952, ovota ambiri sankadziwa kuwerenga. Chipani chilichonse chinapatsidwa chizindikiro, ndipo cha Congress chinali ng'ombe ziwiri zili pagoli. Mpaka lero zizindikiro za zipani kumeneko ndi zinthu za tsiku ndi tsiku: tsache ndi la Aam Aadmi Party, njinga ndi ya Samajwadi Party, nyali ya galasi ndi ya Rashtriya Janata Dal. Chizindikiro chotere chimayenera kudziwika chili chaching'ono, ndiponso chikhale choti wotsatira chipani akhoza kuchijambula pakhoma ndi burashi. Ku Malawi nakonso ovota amadziwa tambala wakuda ndi chimanga asanawerenge dzina la chipani.

Timapepala toikamo mankhwala nthawi zambiri timakhala ndi dzuwa lotuluka, dzuwa la masana, dzuwa lolowa ndi mwezi, kuti wodwala adziwe nthawi yomwera. Pamakatoni pamakhala tambula ya galasi kusonyeza kuti katunduyo sachedwa kusweka, ndi ambulera kusonyeza kuti asanyowe. Kamunthu kobiriwira kothamangira pakhomo, kosonyeza potulukira pa ngozi, kanajambulidwa ndi Yukio Ota wa ku Japan chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo lero kali m'nyumba zikuluzikulu m'maiko ambiri.

Makasitomala ena amati, "Kameneka ngakhale mwana wanga akhoza kujambula." Ndiziwayankha bwanji?

Akunena zoona, ndipo n'chiyamikiro. Chizindikiro chimene mwana akhoza kuchijambula pamchenga ndi chimene anthu adzachikumbukire. Koma kukopera yankho n'kosiyana ndi kulipeza. Kasitomala akulipira mapepala onse aja amene munawataya.

Muwauze za kampani ya mafuta ya Shell. Chigoba chake cha m'nyanja chinayamba mu 1904 chili chojambulidwa ngati chenicheni, cha timizere tambirimbiri. Chinasinthidwa kangapo, mpaka mu 1971 pamene Raymond Loewy anachisiya ndi mizere yowerengeka, chachikasu ndi chofiira. Panadutsa zaka 67 kuti chifike pamenepo, ndipo lero chimaima chokha pamalo omwetsera mafuta popanda kulembapo dzina.

Njira yabwino yopewera mkanganowu ndiyo kumuonetsa kasitomala ulendo wonse, kuyambira chojambula choyamba chodzaza mpaka chomaliza. Muonetseninso logoyo ili pachidindo, parisiti, patisheti ndi pakachithunzi kozungulira ka WhatsApp. Akaona kuti ija yodzaza yasanduka chibuluma pomwe yophweka ikuonekabe, sachedwa kumvetsa.

Kodi pamafunika kompyuta yodula?

Ayi. Kuganiza konse kumachitikira papepala, ndipo pensulo, kope la timabokosi ndi inki yakuda n'zokwana. Kudula pepala lakuda ndi sizasi ndi njira inanso yabwino yophunzirira, chifukwa sizasi, monga mpeni wa Arntz, silola tinthu tachabechabe.

Kompyuta imabwera pomaliza, poyeretsa. Gwiritsani ntchito pulogalamu yojambula mwa njira ya vector, imene imasunga chithunzi ngati mizere yowerengeredwa mwa masamu m'malo mwa timadontho. Chithunzi chotere mukhoza kuchikulitsa kuchoka pakhadi kufika pachikwangwani cha pamsewu osawonongeka. Adobe Illustrator ndi yolipira, Inkscape ndi yaulere, ndipo Figma imagwira ntchito pa intaneti. Sungani ntchito yanu ngati SVG kapena PDF popereka kwa osindikiza.

Chenjezo limodzi: tizithunzi ta pa intaneti tili ndi eni ake. Tina n'taulere, tina timafuna kuti mutchule wojambula, tina n'togulitsa. Kutenga kachithunzi kotere n'kukagulitsa kwa kasitomala ngati logo yake n'kumuika m'mavuto, ndipo tsiku lina adzakapeza pa shopu ya mnzake.

Ndingadziwe bwanji kuti chithunzi changa chatheka?

Inu simungadziwe, chifukwa mukudziwa kale chimene munajambula. Amene angakuuzeni ndi munthu amene sanakuoneni mukujambula. N'chifukwa chake bungwe loona za miyezo padziko lonse la ISO lili ndi ndondomeko yake, ISO 9186, yoyesera ngati anthu akumvetsa chizindikiro chisanavomerezedwe.

Inunso mukhoza kuchita zomwezo popanda ndalama. Pitani nacho kwa anthu amene chithunzicho chawakonzera: ngati n'cha kuchipatala, kwa odikira pamzere, ngati n'cha kumsika, kwa ogula ndi ogulitsa. Pakhale achikulire ndi ana, odziwa kuwerenga ndi osadziwa. Musafunse kuti, "Kodi iyi ndi mbaula?" chifukwa anthu athu ndi aulemu, adzangovomera kuti musakhumudwe. Funsani kuti, "Mukuona chiyani apa?" kenaka mukhale chete. Chionetseni kwa kanthawi kochepa n'kuchibisa. Chiikeni patali. Chichepetseni kufika pa msinkhu wa ndalama yachitsulo.

Mayankho olakwika ndiwo aphindu kwambiri. Ngati atatu anena kuti ndi ndowa, musatsutsane nawo kapena kuyamba kufotokoza, chifukwa pachikwangwani simudzakhalapo kuti muzifotokozera odutsa. Afunseni chimene chawaonetsa ndowa, mubwerere kunyumba, mubwezeretse mzere umodzi umene munauchotsa, mukayesenso kwa anthu ena. Tsiku limene anthu osakudziwani adzatchule dzina la chinthucho musanamalize kufunsa, ikani pensulo pansi, mutumize ntchitoyo kwa osindikiza.